Ndani anapaka utoto mbidzi ya Samuel Daniell?

Pa 12 Ogasiti 1883, kumalo osungirako nyama a Artis mumzinda wa Amsterdam kunafa mbidzi yaikazi. Tsiku limenelo panalibe anadziwa kuti mtundu wake wonse wathera pomwepo. Inali quagga, mbidzi ya kudera louma la Karoo ndi kumwera kwa Free State ku South Africa. Mizere yake inali ya kumutu, m'khosi ndi m'mapewa, ikamapita kumbuyo n'kumazimirira mpaka kungotsala bweya wofiirira, miyendo yoyera. Alimi achizungu anaiwombera mpaka kuimaliza: ena ankafuna zikopa, ena nyama yodyetsa antchito awo, ena ankangoipha chifukwa inkadya msipu umene iwo ankaufunira nkhosa. Kutchire inali itatha kale pofika cha m'ma 1878.

Quagga imene inajambulidwapo ndi kamera ikadali moyo ndi imodzi yokha, ya ku London Zoo, ndipo zithunzi zake zisanu, za pakati pa 1863 ndi 1870, n'zopanda mtundu. Zikopa 23 zimene anazikonza n'kuziimika zilipo m'nyumba zosungiramo zinthu zakale, koma chikopa chikagonera zaka zoposa 100 chimasuluka. Choncho wofuna kudziwa maonekedwe a nyamayi ili yamoyo, dzuwa likuiwomba pamsana, amakagwada kwa anthu amene anaijambula pamanja. Chimodzi mwa zithunzi zimene zimatchulidwa kawirikawiri chinatuluka ku London mu 1804, m'buku lalikulu la Samuel Daniell lotchedwa African Scenery and Animals.

Ndimakonda kuchikulitsa pa kompyuta chithunzi chimenechi mpaka nyama itasowa, n'kungotsala timadontho. Chikakhala pa msinkhu wake, ndi mbidzi yoima cham'mbali, yonenepa bwino, yofiirira, mizere yopyapyala m'khosi, mchira woyera, kumbuyo kwake chigwa cholowa m'nkhungu. Ungaganize kuti wina anangochijambula ndi burashi ndi utoto wamadzi tsiku limodzi masana. Ukachikulitsa m'pamene umaona kuti pansi pa utoto pali china: timizere ta inki topindikapindika tozungulira timalo toyera, tosanjana mosatsata mzere uliwonse. Mithunzi yonse, kuyambira pamimba pa nyama mpaka phiri lakutali, ndi yosindikiza. Mtundu wokha ndi umene unapakidwa ndi dzanja pambuyo pake. Njira imeneyi dzina lake ndi aquatint, ndipo funso limene limandivutitsa n'lakuti dzanja lopaka lija linali la yani, popeza mwini wake wa dzanjalo sanapondeko ku Karoo.

Samuel Daniell anabadwa mu 1775 ku England. Anafika ku Cape kumapeto kwa 1799, nthawi imene Angerezi anali atalanda dzikolo kwa Adatchi kuyambira 1795. Chilala ndi nkhondo za kumalire zinali zitachepetsa ng'ombe, asilikali ndi anthu a mu Cape Town akusowa nyama. Francis Dundas, amene ankagwirizira udindo wa bwanamkubwa, anamva kuti kutsidya kwa mtsinje wa Orange kuli anthu a ng'ombe zambiri, ndipo anatumizako gulu kuti likasinthanitse katundu ndi ziwetozo. Atsogoleri anali Pieter Jan Truter ndi dokotala William Somerville, uja anadzakwatira Mary Somerville katswiri wa masamu ndi zakuthambo. Daniell anamutenga kukhala mlembi komanso wojambula. Ngolo zinanyamuka ku Cape Town pa 1 Okutobala 1801, ndipo chakumapeto kwa Novembala zinafika ku Dithakong, kumpoto chakum'mawa kwa Kuruman wa lero, likulu la Atlhaping, gulu lina la Atswana, a mfumu Molehabangwe. Iwo dzinalo analilemba kuti Leetakoo.

Zimene anapeza zinawadabwitsa. Ankayembekezera timidzi ta abusa oyendayenda, koma anapeza mzinda umene anauyerekeza kuti unali ndi anthu pakati pa 10,000 ndi 15,000, ndipo ena mwa iwo anati kukula kwake sikunkasiyana ndi Cape Town. Malonda okha ndi amene sanayende. Mfumu inali itaberedwa kale ng'ombe ndi achiwembu okwera pa akavalo, ndipo sinkaona chifukwa chotayira zotsalazo posinthana ndi mikanda. Mipeni imene alendowo anabweretsa eni mudzi anaipeputsa, chifukwa inali yakuthwa mbali imodzi pamene yawo, yosula okha, inkadula konsekonse. Akuluakulu amati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa, koma ulendo uwu kalumoko kanali kwa eni ake. Gululo linabwerera ku Cape mu Epulo 1802 ndi ng'ombe zochepa, Daniell atadzaza mabuku ake ndi zojambula. Mpaka pano timabuku ta alendo okaona malo timati iye ndi amene anatulukira kasupe wamkulu wa ku Kuruman pa ulendo umenewu, kasupe amene Atswana ankamwapo kale ndipo anali ndi dzina lake, Gasegonyana. Nyimbo imeneyi ife a kunyanja timaidziwa.

Dziko la Cape litabwezedwa kwa Adatchi mu 1803, Daniell anabwerera ku London, komwe anali ndi mwayi umene ojambula ena analibe. Mkulu wake William, pamodzi ndi mchimwene wa bambo awo, Thomas, anali atayenda zaka zambiri ku India, ndipo panthawiyo anali mkati mosindikiza zithunzi 144 za dzikolo, ntchito imene inayamba mu 1795 n'kutha mu 1808. Zimanenedwa kuti William anatha zaka zisanu ndi ziwiri akugwira kuyambira 6 koloko m'mawa mpaka pakati pa usiku kuti aquatint aidziwe bwinobwino. Buku la Samuel linatuluka m'zigawo ziwiri, 1804 ndi 1805, chilichonse zithunzi 15, zonse pamodzi 30. Pansi pa zithunzizo pamatchulidwa Samuel, koma akatswiri ambiri amakhulupirira kuti pa mkuwa panadutsa kwambiri dzanja la William.

Ntchito yake inkayenda motere. Mmisiri amatenga lata la mkuwa n'kulipukuta mpaka kuwala. Kenaka amapera utomoni wouma wa mitengo ya paini kukhala fumbi, n'kuuwaza pamwamba pa latalo mopepuka, mmene ufa umagwera m'lichero mayi akamasefa. Akaliwotha pang'ono, kafumbi kalikonse kamasungunuka n'kumatirira pamene kagwera, koma pakati pa kafumbi ndi kanzake pamatsala mpata wa mkuwa wosaphimbika. Akaviika latalo mu asidi, asidiyo amadya m'mipata monsemo n'kulambalala pamene pali utomoni. Pamatuluka timaenje ndi timingalande tosawerengeka timene timasunga inki. Lata likakhalitsa mu asidi, timaenjeto timazama, inki imalowa yambiri, papepala pamada. Likangonyowa pang'ono n'kuvuulidwa, pamangochita kamthunzi. Angerezi ankakonda njira ina yoikira utomoni: kuusungunula mu sipiriti n'kuthira pa lata, kuti sipiritiyo akamauma utomoni ung'aluke wokha kukhala timing'alu tating'onoting'ono. Kunja kukazizira kwambiri kapena kukatentha, timing'aluto sitinkatuluka bwino, ndiye mmisiri ankapukuta zonse n'kuyambiranso.

Chovuta chenicheni chili pa kusiyanitsa mithunzi. Wojambula papepala amadetsa pamene akufuna kuti pade. Wa aquatint amachita chosemphana: amatenga burashi ndi vanishi n'kuphimba pamene akufuna kuti pakhale poyera, asidi asafikepo. Poyamba amaphimba miyendo yoyera ya mbidzi ndi mitambo yowala, n'kuviika. Akavuula, amatsuka, amaumitsa, amaphimba phiri lakutali kuti lisadenso kuposa pamenepo, n'kuviikanso. Kenaka chigwa, kenaka msana wa nyama, mpaka kutsala mthunzi wa pansi pa mimba ndi zitsamba zapafupi, zimene zimalowa mu asidi maulendo onse. Nthawi yonseyi sakuona chithunzi, akuona lata lodzaza ndi vanishi wakuda, ndipo chilichonse n'chotembenuzika, chakumanja chili kumanzere. Akapitiriza mphindi zingapo, timakoma ta pakati pa timaenje timagumuka, pamalopo n'kumatuluka chimthunzi chakufa. Akamaliza, amachotsa utomoni ndi vanishi, amapaka inki, amapukuta pamwamba kuti itsale m'timaenje mokha, n'kudutsitsa latalo ndi pepala lonyowa m'makina othinitsa. Pepala lililonse inki yake, kupukuta kwake. Ndipo popeza timaenjeto n'tosazama, lata limaperepeseka msanga: mapepala oyambirira amatuluka akuthwa, omalizira otuwa.

Amene anaibweretsa poyera njirayi ndi Jean-Baptiste Le Prince wa ku France cha m'ma 1768. Ku England anaifalitsa Paul Sandby ndi zithunzi zake 12 za kumwera kwa Wales mu 1775. Ku Spain, Francisco Goya anaigwiritsa ntchito mu 1799 pojambula ufiti, umbombo ndi uchitsiru wa anthu a m'nthawi yake, mumdima wopanda utoto uliwonse. Angerezi anaipatsa ntchito ina: mabuku odula a malo okongola, mizinda, zovala za asilikali, mipikisano ya akavalo, zombo, maluwa, ndi maiko akutali amene ufumu wawo unkalowamo.

Pepala likachoka m'makina linkakhala lotuwa kapena lofiirira, nthawi zina kumwamba atasindikizako ndi inki yobiriwira ngati thambo. Zotsala zonse zinali za opaka utoto. Mwini chithunzi ankapaka pepala limodzi kukhala chitsanzo, n'kulipereka kuchipinda kumene anthu ankakhala mondondozana pa matebulo ataliatali, ambiri mwa iwo amayi ndi ana. M'malo ena aliyense ankapatsidwa mtundu umodzi: uyu wa masamba, uyu wa nthaka, uyu wa khungu la anthu, pepala n'kumayenda dzanja ndi dzanja. Rudolph Ackermann, wa sitolo yotchuka ya pa 101 Strand, ankalemba ntchito ngakhale anthu othawa chipwirikiti cha ku France. Buku lake la mzinda wa London la 1808 mpaka 1810 linali ndi zithunzi 104. Tiyerekeze kuti anasindikiza makope 1,000: ndiye kuti mapepala 104,000, lililonse lopakidwa ndi burashi. J. M. W. Turner ndi Thomas Girtin, amene anadzakhala ojambula otchuka, anagwirako ganyu yotereyi ali anyamata, ndipo n'chifukwa cha kutchuka kwawoko kuti timadziwa. Pansi pa chithunzi pamalembedwa wojambula, wogoba pa mkuwa ndi wosindikiza, mpaka nambala ya nyumba yake ndi tsiku. Wopaka utoto salembedwa. Chonsecho wogula, kalelo ndi lero lomwe, chimene amalipirira ndalama zambiri ndi utotowo.

Ndiye taganizirani mtunda umene kufiirira kwa mbidzi ija kunayenda. Daniell anaona nyama, mwina ikuthamanga patali, mwina itawomberedwa kale, n'kuijambula mofulumira. Patapita zaka ziwiri kapena zitatu anaikonzanso ali ku London, podalira zolemba zake ndi zimene ankakumbukira. Wina anaigoba pa mkuwa. Wina, woyang'ana chitsanzo pa kuwala kwa zenera la mumzinda wa utsi, anasakaniza utoto mmene anaonera. Makope awiri a chithunzi chimodzi ukawaika pamodzi sapezeka ofanana ndendende: lina limafiira, lina limatuwa, ndipo zaka 200 za dzuwa ndi chinyontho zawonjezerapo zawo. Komabe mu 1904 katswiri wa nyama Reginald Pocock anaona kuti mbidzi ya Daniell ikusiyana ndi zikopa zimene ankazidziwa, ndipo anaipatsa dzina lasayansi ngati kamtundu kapadera, danielli. Palibe fupa kapena chikopa chimene chinaikira umboni kamtunduko. Kanabadwira papepala, ndipo lero akatswiri sakawerengera.

M'buku lomweli muli nyama ina imene inazunguza anthu mitu kuposa pamenepa. Daniell anaitchula tackhaitse: chinyama chachikulu cha nyanga zokhotera kumbuyo, chamanyenje m'khosi, ndi ndevu zolendewera pachibwano. Olemba mabuku a nyama ku Ulaya anachikopera, anachipatsa maina achilatini, ndipo osaka nyama anachifunafuna osachipeza. Ambiri masiku ano amati anali chilembwe, yemwe uja amadya msipu pa Nyika, kungoti wojambulayo anamuonera patali n'kumuwonjezera ndevu. Sindikunena izi pofuna kumunyoza Daniell. Ngoma yake, nswala, nyumbu, chinkhoma, mvuu ndi chipembere anazigwira bwino kwambiri poyerekeza ndi zilombo zopeka zimene zinkadzaza mabuku a ku Ulaya iye asanabadwe. Koma kusalala kwa aquatint kumapusitsa. Chinthu chimene munthu anachiona bwino ndi chimene anangochiona ngati kutulo zimatuluka ndi ulemu wofanana, mthunzi wofanana, thambo lofanana.

Za quagga, mkangano woti kodi inali mtundu wapawokha kapena ayi unadzathetsedwa ndi njira ina. Mu 1984 asayansi a ku Berkeley anapeza DNA m'kanyama kouma kochokera pa chikopa chosungidwa ku Mainz, koyamba kuchita zimenezi pa nyama imene inatha, ndipo kafukufuku wotsatira anasonyeza kuti quagga inali mphukira chabe ya mbidzi wamba ya m'zigwa. Reinhold Rau, wokonza zikopa ku South African Museum, anayambitsa mu 1987 ntchito yosankha mbidzi za mizere yochepa n'kumaziswanitsa. Mizere yakumbuyo yakhala ikuchepa ndithu, koma kufiirira kuja kukubwera mwapang'onopang'ono.

Zithunzi zimene ndimakhalitsapo kwambiri si za nyama, ndi za ku Dithakong. Pali chimodzi cha mzinda wonse, madenga osongoka atamwazikana m'chigwa mpaka kumene maso alekezera. Pali china cha nyumba imodzi pafupi: yozungulira, khoma lomata, denga laudzu lotsika mpaka kupanga khonde loimikidwa pa nsanamira, bwalo losesa, mpanda wozungulira. Ndipo pali cha amayi akuumba. Atswana ankasunga mapira m'zimitsuko zikuluzikulu zadothi, zoimika pamwamba kuti chinyontho ndi chiswe zisalowe, ndipo amayi ndi amene ankaumba, monganso anali omanga nyumba ndi olima, amuna ali ku ng'ombe, kosaka ndi kosoka zikopa. Wokulira kumudzi sangachione chithunzi chimenechi ngati chachilendo. Amayang'ana mmene mayi wakhalira, pamene waika dzanja, ndipo amadziwa kuti wojambulayo anaimadi pafupi n'kumayang'ana ntchito ikugwirika.

Apa m'pamene ndimamupatsa ulemu Daniell. Mu 1801 kunalibe kamera, ndipo Atlhaping sankalemba. Mzinda umenewu sunakhalitse pamalo pamene iye anaupeza: unagawikana, unasamuka, ndipo mu Juni 1823 pa Dithakong panachitika nkhondo pakati pa Agriqua okwera pa akavalo, okhala ndi mfuti, ndi chikhamu cha anthu othawa njala ndi nkhondo kum'mawa. Nyumba zinapsa. Wofuna kutsutsa bodza lakuti mkati mwa Africa munali tchire lopanda eni mpaka azungu atafika, mapepala awa ndi mboni yake, ndipo ndi mboni yochokera kumbali ya azungu omwewo.

Koma mboniyo inavala zovala za kwawo. M'zaka zimenezo ku England kunali malamulo a mmene malo okongola ayenera kuonekera pa chithunzi, amene mbusa William Gilpin anawafalitsa kuyambira 1782: pafupi pakhale pakuda, m'mbali mukhale mtengo wopindika kapena thanthwe, pakati pakhale kuwala, kutali kuzimirire mu nkhungu, ndipo anthu akhale ochepa, odekha, oti angokometsera malowo. Aquatint ndi malamulo amenewa zinakulira limodzi. Choncho Africa wa m'buku la Daniell ali ndi kuwala kofewa kwa madzulo, ndipo aliyense akuoneka wopuma. Muli chithunzi cha malo a asilikali ku Algoa Bay, nyanja ili bata. Linga limenelo, Fort Frederick, linamangidwa mu 1799, pa nthawi imene Akhoikhoi ogwira ntchito m'mafamu anali ataukira mabwana awo n'kugwirizana ndi Axhosa, ndipo nkhondoyo inali isanathe pamene Daniell ankajambula. Pamalopo lero pali mzinda wa Gqeberha, umene unkatchedwa Port Elizabeth. Muli chithunzi cha mathithi a ku Sneeuwberg, madzi akutsika mokongola, m'mapiri momwe magulu a alimi amfuti anakhala akupha Asan kuyambira m'ma 1770, n'kumatenga ana awo kukawagwirira ntchito. Asan amene ali m'bukuli anyamula mauta, mivi atasomeka pa lamba wa kumutu, ndipo mawu a pansi pake amati akonzekera ulendo. Sanena kuti ndani ankawasaka.

Maina amene ali pansi pa zithunzi za anthu ndi amitundu, olembedwa mmene azungu a ku Cape ankawatchulira, ndipo ena mwa iwo lero ndi chipongwe. Limodzi, loyamba ndi K, munthu akalilankhula kwa mnzake ku South Africa akhoza kukayankha kukhoti. Amayi oumba aja alibe maina. Mwina wina anganene kuti ndi mmene zinalili nthawi imeneyo, koma patangopita zaka khumi William Burchell anayenda njira yomweyo, nafika kwa Atlhaping mu 1812, Mothibi mwana wa Molehabangwe atalowa ufumu. M'mabuku ake awiri a 1822 ndi 1824, amenenso ali ndi zithunzi za aquatint zopaka pamanja, muli nkhope za anthu okhala ndi maina: Speelman mlenje wa gulu lake, Juli wantchito amene ankamudalira, Massisan mwana wamkazi wa mfumu. Burchell nayenso anali mwana wa nthawi yake, ndipo ali ndi zonena zina zowawa. Kungoti iye anasonyeza kuti kufunsa munthu dzina asanamujambule kunali kotheka mu 1812, ndiye kunali kothekanso mu 1801. Daniell mwiniyo sanakhalitse: anapita ku Ceylon, Sri Lanka wa lero, anatulutsa zithunzi 12 za kumeneko mu 1808, ndipo anamwalira komweko mu 1811 ali ndi zaka 36.

Nthawi ya aquatint inali yaifupi. Njira yosindikiza pamwala imene Alois Senefelder anaipeza ku Germany kumapeto kwa zaka za m'ma 1790 inali yofulumira ndi yotsika mtengo, ndipo kugoba pa chitsulo cholimba kunkatulutsa makope masauzande lata lisanathe. Pofika m'ma 1830 mabuku a maulendo anali atasamukira kumeneko. N'chifukwa chake dziko lathu silinalowe m'mabuku a mtundu umenewu. Pamene David Livingstone ankakwera Shire n'kufika kunyanja mu Sepitembala 1859, zinthu zinali zitasintha: John Kirk anali ndi kamera, ndipo buku la ulendowo la 1865 linatuluka ndi zithunzi zogoba pa thabwa, zakuda ndi zoyera. Zithunzi za mathithi a Mosi-oa-Tunya za Thomas Baines, za chaka chomwecho, n'zosindikiza pamwala. Amang'anja a kudera la Shire anafika m'maso mwa owerenga a ku Ulaya ali m'magoli a ukapolo, osati mu kuwala kofewa kwa madzulo. Chithunzi chimenecho nachonso chinali ndi cholinga chake, koma imeneyo ndi nkhani ina.

Masiku ano mapepalawa ali pa msika wa zinthu zakale, ndipo mitengo yake imasiyana kutalitali. Pamwamba penipeni pali buku la mbalame za ku America la John James Audubon, zithunzi 435 zimene zambiri anagoba Robert Havell ku London pakati pa 1827 ndi 1838. Kope limodzi linagulidwa pa okushoni ya Sotheby's mu Disembala 2010 pa mapaundi 7.3 miliyoni. Pansi pali mapepala amodziamodzi a m'masitolo a zakale ku Cape Town kapena ku London, osakanikirana ndi okopera a dzulodzuloli. Kusiyanitsa sikufuna sukulu yambiri, kumafuna galasi lokulitsira ndi chala. Chokopera ndi makina amakono chimaonetsa timadontho tofoleredwa m'mizere, ta mitundu inayi. Chenicheni chimaonetsa timing'alu tosalongosoka tija, utoto uli pamwamba pake, ndipo penapake umapeza pamene burashi inadumpha mzere. M'mphepete mwa chithunzi mumakhala kamzera kolowa mkati, pamene lata linadinda pepala lonyowa, ndipo chala chimakamva. Ukaliyang'anitsa kudzuwa pepalalo, kawirikawiri pamaoneka dzina la J Whatman ndi chaka chimene linapangidwa. Chakacho chikaposa cholembedwa pansi pa chithunzi, dziwa kuti anachisindikizanso pambuyo, lata litatopa kale. Palinso ogulitsa amene amapeza mapepala akale osapaka n'kuwapakitsa lero. Oona mtima amalemba kuti utotowo ndi wam'mbuyo, ena amangokhala chete.

Ndipo pafupifupi pepala lililonse lopachikidwa pakhoma linachokera m'buku limene wina analiphwasula. Masamu ake ndi osavuta: buku lothimbirira, losoweka masamba angapo, siligulika msanga, koma zithunzi zake zikadulidwa n'kuikidwa m'mafelemu chimodzichimodzi zimabweretsa ndalama zoposa za buku lathunthu. Masamba a mawu, ofotokoza kuti apa ndi pati ndipo awa akuchita chiyani, ndi amene amatsala m'katoni. Makope athunthu a buku la Daniell alipobe m'malaibulale akuluakulu a ku South Africa ndi ku Britain, ndipo zambiri mwa zithunzi zake anaziika pa intaneti. Ine ndimayamba kuyang'ana kumeneko, chifukwa pakhoma la hotela kapena la ofesi chimene chimapachikidwa kawirikawiri ndi mbidzi, ngoma ndi mathithi, pamene amayi oumba a ku Dithakong ndi linga la ku Algoa Bay umachita kuzifunafuna.